Tsiku limene alamu anapopera nyumba

Abambo a kunyumba kwathu anawapeza ndi kolona mu Januwale 2021, sabata yomwe ija nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, Pulezidenti Chakwera n'kulengeza kuti dziko lili pa ngozi. Timakhala ku Matawale. Amayi anga anali atabwera kuchokera kumudzi, cha ku Jali, kudzadya nafe Khirisimasi, ndipo anali asanabwerere. Iwowa mphumu anayamba nayo ine ndisanabadwe.

Nkhani itangofika pa gulu la WhatsApp la pabanja, alamu anga omwe amalima tomato ku Thondwe sanafunse munthu. Anamangirira sipuleya yawo ya kumsana pa njinga yamoto, anadzera kwa mnzawo kukatenga klorini wa ufa m'kajumbo, n'kutulukira kwathu chakumasana. Ine n'kuti nditatsikira kumsika kukasaka mandimu ndi jinja, zomwe aliyense ankalimbirana masiku amenewo.

Pobwera, fungo linandichingamira ndikadali pageti. M'nyumba monse munali chinyezi. Makatani akudontha, masofa onyowa, matiresi a Amayi onyowa, ngakhale Baibulo la patebulo litafufuma. Mazenera onse otseka. Alamu anali pakhonde akutsukuluza sipuleya, akuoneka kuti mtima wawo wakhala pansi.

"Alamu, mwathira wochuluka bwanji?" ndinafunsa, maso atayamba kale kundiwawa.

"Wokwanira, alamu. Ndimangotapa ndi dzanja mpaka fungo litamveka. Mankhwala osanunkha amenewo ndi madzi. Mazenerawo musatsegule, agonemo usiku wonse."

Sindikulemba izi kuti ndiwanyoze. Munthuyu anasiya dimba lake, anawotcha mafuta ake, kudzalowa m'nyumba yomwe ena ankailambalala. Ndipo anachita zomwe tonse tinkaona: anthu ovala zoyera akupopera m'maofesi, m'misika, m'masukulu. Mantha anali atatigwira tonse, ndipo sipuleya inkapatsa munthu mtima woti wachitapo kanthu.

## Likhweru la m'chifuwa

Amayi masana onsewo anali panja, pansi pa mtengo wa mango, akusankha nyemba. Ndinatsegula mazenera ndi zitseko kuti mphepo idutse, koma mvula ya Januwale kuno ku Zomba sipempha munthu. Mtambo unatsika kuphiri, chimvula chinakhuthuka, tonse tinathawira m'nyumba, ndipo mazenera a mbali yomwe inkawomba mphepo tinawatsekanso. Posakhalitsa magetsi anazima.

Kunayamba ndi kachifuwa kouma. Kenako phokoso lija lomwe aliyense amene anakula ndi munthu wa mphumu amalidziwa, likhweru lolira m'chifuwa potulutsa mpweya. Amayi anakhala m'mphepete mwa bedi, manja pamawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Ndinawapatsa inhela yawo ya buluu, ya salbutamol ija. Anapopa, tinadikira, anapopanso. Masiku ena onse imawamasula pakangopita mphindi zochepa. Koma tsiku limenelo mpweya uliwonse womwe ankakoka pambuyo pa mankhwalawo unali womwewo wa klorini.

"Mwananga," anatero, liwu limodzi n'kupuma kaye, "nditulutse."

Munthu wa mphumu akayamba kulephera kumaliza chiganizo, nthawi yodikira imakhala yatha. Abambo a kunyumba anali atadzitsekera kuchipinda china, thupi likuwatentha, akungofunsa kuseri kwa chitseko kuti kwagwanji. Alamu anali atabwerera kale ku Thondwe kuthawa mvula. Ndinakagogoda kwa aneba omwe amayendetsa takisi. Anaima pakhomo kanthawi osayankha, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti za matenda a m'nyumba mwathu anali atamva. Kenako analowa, anatuluka atavala masiki, n'kunena kuti, "Tiyeni mayi, koma magalasi akhala otsegula."

Tinayenda choncho, mvula ikutiwaza kumaso. Tisanalowe n'komwe m'tauni, mapewa a Amayi anali atayamba kutsika pang'ono. Panalibe mankhwala ena omwe tinawapatsa m'galimotomo. Unali mpweya wakunja wokha.

## Chitenje

Kuchipatala aliyense anangoti ndi kolona, ndipo zinali zomveka. Mayi wachikulire, akubanika, wochokera m'nyumba momwe muli wodwala. Namwino wina wachikulire ankawaika kachipangizo koyezera okosijeni pachala, kenako anaima, n'kuwerama. Ananunkhiza chitenje chawo, masiki ali kumaso.

"Achemwali, chitenje ichi mwachapira chiyani?"

Ndinafotokoza za alamu ndi sipuleya yawo.

Sanakalipe. Anawaika Amayi pa makina otulutsa nthunzi ya mankhwala, anandiuza kuti ndiwavule chitenje ndi juzi n'kuwafunditsa china. Kenako, akulemba m'kabuku kawo ka kuchipatala, osadzutsa n'komwe mutu, anati: "Ngati patebulo lanulo panali kachilombo, kanafa m'mphindi zoyambirira zomwezo. Zomwe zatsala m'nyumbamo sizikupha kanthu, zikungolimbana ndi mayi anuwa. Mawa mukatsuke ndi madzi, matiresi mukayanike padzuwa, ndipo iwowa asakalowemo fungo lisanathe."

Amayi anawayeza, kolona analibe. Anatuluka m'mawa mwake, ndipo anakakhala m'chipinda chaokha kwa achemwali anga ku Chinamwali mpaka nyumba itapola.

Mawu a namwino uja sanandichoke. Ambirife tinakula tikudziwa kuti malo aukhondo amamveka ndi mphuno. Chipatala chinunkhe mankhwala, chimbudzi chosamalidwa chinunkhe mankhwala, ndipo mlendo akalowa m'nyumba n'kutsokomola pang'ono, mwini nyumba amamva kukoma kuti waona kuti pano timakolopa. Namwino uja ankanena zina. Ntchito ya mankhwala ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo pothera pake pamafika msanga. Chomwe chimatsala pambuyo pake chimapumidwa ndi anthu okhala m'nyumbamo.

## Masupuni awiri

Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti zomwe ananenazo zinali zitalembedwa miyezi yambiri m'mbuyomo. Mu Meyi 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a katsukidwe ka malo pa nthawi ya Covid-19. Linati m'nyumba musamapopere kapena kufukiza mankhwala, koma nyowetsani kansalu n'kupukuta. Linati kupopera m'misewu ndi m'misika sikuthandiza, chifukwa fumbi ndi zinyalala zimatha mphamvu ya klorini. Ndipo linati kupopera munthu kusachitike zivute zitani, chifukwa kumawononga maso, khungu ndi njira za mpweya, pomwe kachilombo komwe kali m'mphuno ndi pakhosi pa munthuyo sikakhudzidwa n'komwe.

Muyezo wa klorini womwe ankalimbikitsa pa matebulo, zogwirira zitseko ndi mipopi ndi 0.1 peresenti. Ngati muli ndi Jik wa 3.5 peresenti, amenewo ndi masupuni aakulu awiri mu lita imodzi ya madzi. Ngati ndi wa ufa uja, yemwe mphamvu yake imakhala 65 mpaka 70 peresenti, masupuni aakulu awiri osasefukira amakwanira ndowa yathunthu ya malita 20. Sipuleya ya alamu ndi ya malita 16, ndipo iwo ankatapa ndi dzanja. Werengerani nokha.

Palinso dongosolo lake lomwe ambiri timalidumpha. Poyamba malowo atsukidwe ndi sopo ndi madzi, chifukwa klorini akakumana ndi mafuta, nyenyeswa za nsima kapena dothi, mphamvu yake imathera pamenepo. Kenako apukutidwe ndi madzi a klorini aja, akhale onyowa kosachepera mphindi imodzi. Zikatero mutha kudutsapo ndi madzi oyera. Madzi a klorini osungunula asagone, mawa lake musungunule ena. Ndipo zonsezi ndi za malo olimba: simenti, pulasitiki, matailosi. Matiresi ndi sofa zimamwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Klorini akakumana ndi thukuta kapena mkodzo womwe unalowerera m'nsalu, amapanga mpweya wina wotchedwa chloramine, womwe umaluma m'maso ndi pakhosi. Wa ufa uja amasiyanso kachoko koyera akauma, ndipo ife tinakapeza pa mipando, pa galasi la TV, ngakhale pa mbale zomwe zinali pa shelefu.

Kwa munthu wa mphumu, njira za mpweya zimakhala zotupa kale pang'ono ngakhale tsiku lomwe akuoneka bwino. Chikabwera chinthu choluma, minofu yozungulira njirazo imakungika, m'kati mumatupa, makhololo amachuluka, mpweya n'kumasowa podutsa. Sipuleya imaswa madzi kukhala timadontho ting'onoting'ono totsala m'malere, tomwe timalowa mpaka m'kati mwenimweni. Madzi omwewo akanakhala pa kansalu, ambiri akanathera patebulo.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndinachiwerenga mu Epulo 2021. Bungwe loona za matenda ku America la CDC linati mwayi wotenga Covid-19 pogwira malo pomwe pali kachilombo ndi wochepa zedi, wosafika kamodzi pa ka 10,000 kalikonse, ndipo njira yaikulu yomwe matendawa amafalira ndi mpweya womwe timapuma. Ndiye kuti mazenera otseka aja ankasunga zinthu ziwiri m'nyumba mwathu, klorini ndi kachilombo komwe.

## Zomwe zimagwira ntchito n'kuchoka

Kuyambira pamenepo funso langa pa mankhwala alionse otsukira lakhala limodzi: akamaliza ntchito, amapita kuti?

Sopo amapita ndi madzi otsukuluzira. Anthu amamupeputsa chifukwa ndi wotchipa ndipo alibe dzina lochititsa mantha, koma kachilombo ka kolona kali ndi chikuto cha mafuta, ndipo sopo amang'amba chikutocho. M'manja pamafunika masekondi 20 akuchita thovu. Kwa Amayi timagula wopanda pafyumu, chifukwa fungo la maluwa lija nalonso limawatseka pachifuwa.

Ethanol (sipiriti uja amapezeka mu mowa) wa 70 peresenti amauluka yekha, osasiya kanthu patebulo. Ameneyu ndi amene ndimapukutira foni, rimoti, makiyi ndi zogwirira zitseko. Chodabwitsa n'chakuti wa 70 amaposa wosasungunula n'komwe, chifukwa madzi aja amamuchedwetsa kuuma ndipo amathandiza kuwononga mapuloteni a tizilombo. Ethanol si chinthu chachilendo kwathu kuno. Amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga. Sanitaiza yomwe WHO inaphunzitsa zipatala kupanga zokha imakhala ndi ethanol 80 peresenti, glycerol 1.45 peresenti kuti khungu lisaume, ndi hydrogen peroxide 0.125 peresenti. Mulibe utoto, mulibe pafyumu. Yerekezani ndi zomata zija zonunkhira sitiroberi zomwe ankatithira pakhomo la sitolo iliyonse, zomwe Amayi ankati akazipaka, zala zimachita ziwengo.

Pali anthu omwe ankasamba m'manja ndi kachasu. Ndimawamvetsa, koma palibe amene amadziwa mphamvu ya botolo lomwe wagula, ndipo likapanda kufika pa 60 peresenti mwangonunkhitsa manja. Sipiriti wapepo wa m'golosale nayenso si wa pakhungu, amathiramo utoto ndi poizoni wotchedwa methanol. Ndipo musaiwale kuti zonsezi zimayaka. Magetsi akazima, wina wapaka sanitaiza n'kukayatsa kandulo kapena kukupiza mbaula manja asanaume, ngozi yake ndi ya pompopompo.

Ethanol ali ndi polekezera. Mavairasi ena alibe chikuto cha mafuta chija, ndipo amalimba. Norovirus, wosanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ali m'gulu limeneli, chimodzimodzinso kachilombo ka poliyo komwe boma linalengeza mu Febuluwale 2022 kuti kapezeka mwa mwana ku Lilongwe. Mwana akatsegula m'mimba, sanitaiza siilowa m'malo mwa sopo ndi madzi.

Amene ndinakhazikika naye pa khitchini ndi kubafa ndi hydrogen peroxide. Mumamudziwa, ndi uja amachita thovu akathiridwa pabala. Akamaliza ntchito amasweka n'kusanduka madzi ndi okosijeni, basi. Alibe fungo loti munthu n'kuthawa m'nyumba. Amapezeka ku famase m'kabotolo kakuda, chifukwa kuwala kumamuthetsa mphamvu, ndiye musamusamutsire m'botolo loonekera. Onani pa pepala lake: wina ndi wa 3 peresenti, wina wa 6. Ofufuza anapeza kuti ngakhale wa 0.5 peresenti amapha mavairasi a gulu la kolona pa mphindi imodzi. Ine ndimagwiritsa ntchito wa 3, pa kansalu, malo nditawatsuka kale ndi sopo, n'kuwasiya onyowa kwa mphindi zingapo.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi madzi a pachitsime. Amachotsa mtundu wa nsalu, ndiye chitenje chanu chabwino chisayandikire. Akalowa m'maso amaluma. Wa ku saluni wosakanizira utoto wa tsitsi ndi wamphamvu kwambiri, ndipo amawotcha khungu. Mukamuthira m'sipuleya n'kufukiza chipinda, munthu wa mphumu abanika ndithu. Musamusakanize ndi viniga m'botolo limodzi, chifukwa pamatuluka asidi wina woluma m'mapapo. Vuto lake lalikulu kwa ife ndi mtengo. Kabotolo kake n'kakang'ono, moti sungakolopere nyumba yonse. N'chifukwa chake pansi timangokolopa ndi sopo, iyeyo n'kumusungira malo omwe manja ambiri amagwira.

Pa Facebook mwina mwaonapo otsatsa madzi otchedwa hypochlorous acid, akuti ndi achilengedwe, alibe vuto lililonse, mutha kupopera ngakhale khanda. Mbali ina ndi yoona. Maselo oyera a m'magazi mwathu amapanga asidi ameneyu polimbana ndi tizilombo, ndipo anthu amamupanga podutsitsa magetsi m'madzi a mchere. Amapha tizilombo pa muyezo wochepa, ndipo pakhungu ndi wofatsa kuposa klorini wa m'botolo. Chomwe otsatsawo sanena n'chakuti ameneyu ndi m'bale weniweni wa klorini yemweyo: mukathira klorini m'madzi, chomwe chimapha tizilombo kwenikweni ndi asidi ameneyu. Sachedwanso kutha mphamvu akakhala padzuwa kapena pamalo otentha. Botolo lomwe layenda ulendo wautali pa lole, n'kukhala pa shelefu miyezi, lopanda tsiku lomwe linapangidwa, ine sindingalikhulupirire pa nthawi ya mliri.

Za nyale zophera tizilombo za UV ndi timakina totulutsa mpweya wa ozone ndinena mwachidule. Nyalezo zimawotcha maso ndi khungu, ndipo ozone amawononga mapapo ngakhale a munthu wabwinobwino. M'nyumba momwe muli wa mphumu zisalowe.

Zovala ndi zofunda za wodwala sizifuna zonsezi. Sopo, madzi otentha a madigiri 60 kupita m'mwamba, dzuwa, kenako kusita. Matiresi a Amayi aja anapola ndi dzuwa lomwelo, ngakhale kuti mu Januwale dzuwa la ku Zomba umachita kulisaka pakati pa mitambo.

## Onunkhira bwino aja

Alamu atamva zomwe zinachitika anabwera kudzapepesa, atanyamula tomato ndi botolo la mankhwala okolopera onunkhira paini. "Awa ndiye alibe klorini, alamu," anatero. Ndinalandira ndi manja awiri, koma botololo silinatsegulidwe.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa mankhwala onunkhira bwinowa, pamodzi ndi timapepala tonyowa topukutira, amakhala ndi zinthu za gulu la benzalkonium chloride. Zimenezi siziuluka. Madzi akauma zimatsala patebulo, pa chogwirira, pansi pomwe mwana akukwawa, ndipo otsatsa amanyadira zimenezo, amati chitetezo chokhalitsa. Kwa munthu wa khungu losachedwa kuchita ziwengo, kukhalitsa kumeneko ndiye vuto lenilenilo. Zimadziwika kuti zimayabwitsa khungu ndi kudzutsa mphumu mwa anthu ena, makamaka omwe amazigwira tsiku ndi tsiku. Onjezeranipo pafyumu, yemwe ntchito yake ndi yoti fungo likhale m'nyumba mpaka madzulo.

Masiku ano ndikalowa m'sitolo ndimatembenuza botolo n'kuwerenga kumbuyo. Ogulitsa ena amandiyang'ana ngati ndikufuna kuba. Botolo lomwe silinena zomwe zili m'kati ndimalibwezera pomwe ndalitenga.

## Kolera itabwera

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera poti klorini tinamuthamangitsa. Sizinatero.

Mu Malichi 2022 kolera inayamba ku Machinga, pafupi pomwepa, ndipo pofika 2023 inali itafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700. Ife a ku Zomba matendawa si achilendo. Asodzi a pa nyanja ya Chilwa omwe amakhala pa zimbowera amamwa madzi omwewo a m'nyanja, ndipo nsomba zawo ndi anthu awo amafika m'misika yathu. Kolera si vairasi, ndi bakiteriya, ndipo imayenda ndi madzi ndi chimbudzi. Pamenepo kabotolo kanga ka peroxide kanalibe chonena. Klorini ndi wotchipa, amafika kumudzi, ndipo wapulumutsa anthu osawerengeka. Alangizi a zaumoyo akamayenda khomo ndi khomo kuthira klorini m'ndowa za madzi akumwa, aja ndi anthu oti tiziwalandira bwino.

Pa madzi akumwa nkhani imatembenuka. Apa timafuna kuti klorini atsale. Mukathira WaterGuard kapena klorini wa alangizi n'kudikira mphindi 30, kamatsala kochepa kwambiri, mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita, ndipo kotsalako n'komwe kamateteza madziwo mwana akaviikamo kapu yakuda madzulo. Madzi owiritsa alibe chitetezo chimenecho, akangoipitsidwa aipa. Ndiye sindinganene kuti chotsalira chilichonse n'choipa. Kotsala m'ndowa ya madzi kali pa ntchito. Kotsala pa matiresi a munthu wa mphumu kalibe ntchito iliyonse.

Ku zipatala za kolera miyezo ya klorini imakhala itatu, ndipo siisokonezedwa: 0.05 peresenti posamba m'manja, 0.2 pokolopa pansi ndi kupukuta mabedi, 2 pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala. Womaliza uja ndi woopsa, ndipo ali ndi malo ake okhaokha. Anthu omwe amagwira klorini tsiku lililonse kuti apulumutse miyoyo ndi omwe amayeza mosamalitsa kuposa tonsefe.

Nyengo imeneyo Amayi anali kwathu kachiwiri. Chimbudzi tinkachitsuka ndi klorini ndithu, koma m'mawa, iwo atakhala panja, chitseko ndi zenera zili pululu. Tinkayeza ndi supuni, kupukuta ndi nsalu, kudikira, kutsukuluza ndi madzi. Madzi akumwa othira klorini ankamwa popanda vuto. Mliri wonse unadutsa osabanika chifukwa cha mankhwala.

## Manja a mayi okolopa

Kutchalitchi kwathu kuli mayi wina amene amakolopa Loweruka lililonse. Tsiku lina nditapita kukakonza maluwa, ndinawapeza atakhala pa sitepe ya kuchimbudzi akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. M'ndowa mwawo munali klorini, ndipo anali atathiramonso mankhwala a asidi otsukira chimbudzi aja.

"Mayi, amene anakuuzani kuti muzisakaniza ndani?"

"Palibe, mayi. Ndinangoona kuti zikasakanikirana zimanunkha kwambiri, ndiye ndinati ndiye kuti zalimba."

Klorini akakumana ndi asidi, kaya ndi wa m'chimbudzi kaya viniga, amatulutsa gasi wa klorini, yemwe uja anaphera asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Akakumana ndi amoniya, yemwe amapezeka m'mankhwala ena otsukira, amatulutsa chloramine. M'chimbudzi chaching'ono chotseka, mpweya umenewo ungagwetse munthu. Ndinawakokera pamphepo, ndowa ija tinaithira madzi ambiri n'kuitaya kutali. Pamene ankasamba m'manja ndinaona zala zawo. Zinali zong'ambikang'ambika m'mfundo monse, zikhadabo zoyera ndi zophwanyika. Anati Loweruka lililonse usiku sagona, chifuwa chimawathina, koma pofika Lachiwiri zimatha, ndiye sanaganizepo zopita kuchipatala.

Tikamakamba za anthu omwe thupi lawo siligwirizana ndi mankhwala, timaganiza za Amayi anga, za ana a ziwengo, za anthu omwe anabadwa choncho. Koma ena amafika pamenepo chifukwa cha ntchito. Kafukufuku wa anamwino a ku America yemwe anatuluka mu 2019 anapeza kuti omwe ankagwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo sabata ndi sabata ankadwala kwambiri matenda okhalitsa a m'mapapo kuposa anzawo. Amenewo ndi anamwino okhala ndi magolovesi ndi maphunziro. Nanga mayi wokolopa m'sukulu, m'resitihausi kapena kutchalitchi kuno kwathu, amene amangopatsidwa kajumbo ka ufa n'kuuzidwa kuti pawale?

Nkhaniyi ndinakaitula ku komiti. Ndinapempha kuti m'tchalitchi muzikolopedwa ndi sopo, klorini akhale wa kuchimbudzi kokha ndipo asamasakanizidwe ndi china chilichonse, mazenera azikhala otsegula pokolopa, pa ndowa pamangiriridwe supuni yoyezera, ndipo mayiwo agulidwe magolovesi. Ndinapemphanso kuti tsiku lomwe kudzafunike kupopera mankhwala alionse, ngakhale a udzudzu kapena a chiswe, azilengeza Lamulungu lake kuti a mphumu adziwiretu.

Mkulu wina anati anthu akalowa osamva fungo la mankhwala aziti sitikusamala nyumba ya Mulungu. Mayi wina amene sanalankhulepo pa komiti anadzutsa dzanja n'kunena kuti mwana wake wa mphumu amakhala panja pa zenera Lamulungu lililonse lomwe m'kati mwanunkha, ndipo iye ankangoti ndi mwano wa mwanayo. Za supuni ndi za mazenera zinavomerezedwa pomwepo, poti sizidya ndalama. Za magolovesi asungichuma anati tidikire chopereka cha mwezi wa mawa. Amayi a chigwirizano tinasonkha tokha tsiku lomwelo, ndipo Loweruka lotsatira mayi aja anakolopa atavala.